Funsani za Malamulo: Mitengo Yofanana, Chindapusa ndi Chisamani

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza malonda ndi makhoti, ndipo tasankhapo asanu ochokera kwa owerenga a mu mzinda wa Blantyre. Monga mwa masiku onse, makalatawo tawafupikitsa ndipo tachotsamo mayina a olemba komanso a masitolo amene akudandaulidwa. Mayankhowa akufotokoza mmene lamulo lilili, choncho amene ali kale ndi mlandu kukhoti aonanebe ndi loya amene angawerenge mapepala ake onse.

FUNSO: Ndine mmisiri womanga nyumba ndipo simenti ndimagula m'masitolo a ku Limbe. Tsiku lina ndinazungulira masitolo angapo m'mawa, ndipo onse anali atakweza mtengo wa thumba tsiku lomwelo, ndi ndalama yofanana ndendende. Mnyamata wina wokweza katundu m'galimoto anandinong'oneza kuti mabwanawo amaimbirana foni. Kodi uku si kuba kochita kupangana? Ndingawasumire? Mmisiri, Bangwe.

YANKHO: Bambo, ngati eni masitolowo anapanganadi mtengo, ndiye kuti anaphwanya lamulo, ndipo pa milandu yonse yokhudza mpikisano pa malonda umenewu ndi umene umatengedwa kuti ndi woipitsitsa. Lamulo la Competition and Fair Trading Act limaletsa amalonda amene akupikisana kugwirizana mtengo wogulitsira katundu, kugawana madera kapena makasitomala, kupangana zochepetsa katundu pa msika kuti mtengo ukwere, ndiponso kupangana amene apambane tenda. Panganolo silichita kufunika kuti likhale lolembedwa ndi kusainidwa. Kumvana pa foni, pa gulu la WhatsApp kapena pa msonkhano wa bungwe la amalonda n'kokwanira.

Pamene pali ntchito ndi pa umboni. Zimene munaona ndi maso anu, zoti mitengo yakwera tsiku limodzi ndi ndalama yofanana, zikhoza kuchitika anthu asanapangane chilichonse. Masitolo ambiri amaoda simenti ku makampani ochepa omwewo, ndipo kampani ikatulutsa kalata yokweza mtengo, onse amailandira nthawi imodzi. Mukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti: m'masiku ochepa mitengo inasintha m'sitolo iliyonse, ndipo panalibe amene anafunika kuimbira mnzake foni kuti adziwe chochita. Palinso khalidwe longoonera, loti mwini sitolo amatuma mnyamata kukasuzumira mtengo kutsidya kwa msewu, iyenso n'kufufuta wake n'kulemba womwewo. Khalidwe limeneli limapweteka wogula, koma palokha si pangano.

Funso lanu lomweli linafika ku bwalo lalikulu kwambiri la ku America m'chaka cha 2007, pa mlandu wa Bell Atlantic ndi Twombly. Ogwiritsa ntchito matelefoni anasumira makampani akuluakulu amene anabadwa kampani ya AT&T itagawidwa mu 1984, ponena kuti makampaniwo anapangana kuti wina asalowe m'dera la mnzake. Umboni wawo unali woti palibe kampani imene inalowadi m'dera la inzake. Oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi anagamula kuti kuchita zinthu zofanana n'kosakwanira ngakhale poyambitsa mlandu, ndipo wodandaula ayenera kutchula m'chikalata chake mfundo zooneka zosonyeza kuti panali kumvana. Chimene chinawadetsa nkhawa oweruzawo chinali ndalama: ku America mlandu ukangololedwa kupitirira, mbali iliyonse imakakamizidwa kutulutsa zikalata zake zambirimbiri, ndipo kampani ikhoza kungolipira wodandaula pothawa ndalama za maloya ngakhale ilibe mlandu. Chigamulo chimenechi chinasintha kalembedwe ka madandaulo m'makhoti a boma lalikulu la dzikolo, makamaka chitatsimikizidwa pa mlandu wa Iqbal mu 2009. Sichimanga makhoti a kuno kwathu, koma funso limene chinadzutsa ndi limene jaji aliyense angakufunseni: kupatula kufanana kwa mitengo, muli ndi chiyani china?

Zimene zimalemera pamaso pa ofufuza ndi monga izi. Mtengo wakwera m'masitolo onse pamene mtengo wooda, wa mafuta a galimoto ndi wa dola sizinasinthe. Masitolo onse asiya tsiku limodzi kuchotserako makasitomala ogula matumba ambiri. Sitolo ina inatsitsa mtengo, anzake n'kuiyendera, mawa lake n'kubwerera pa mtengo wakale. Koposa zonse, pali uthenga wolembedwa kapena munthu wa m'kati amene angaime n'kunena zimene anamva ndi makutu ake. Ku South Africa, makampani ophika buledi anagwidwa motero. Chakumapeto kwa 2006 ogulitsa buledi a ku Western Cape anadandaula kuti mitengo yakwera pamodzi, koma mlandu unalimba pamene kampani ya Premier Foods inavomera kuulula zonse posinthana ndi kukhululukidwa chindapusa. Tiger Brands inalipira pafupifupi R99 miliyoni mu 2007, ndipo Pioneer Foods, imene inalimbalimba mpaka kuzengedwa mlandu, inagamulidwa kulipira pafupifupi R196 miliyoni mu 2010.

Pa chifukwa chimenechi sindikukulangizani kuthamangira kukhoti. Inu mulibe mphamvu yoitanitsa mabuku a sitolo ya munthu, pamene bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri timangoti CFTC, lili ndi mphamvu yoitanitsa zikalata, yoitana anthu kudzapereka umboni, ngakhale yochita chipikisheni litatenga chilolezo. Lilembereni dandaulo lotchula masitolowo, tsiku, mtengo wakale ndi watsopano, ndipo muphatikizepo malisiti ndi zithunzi za mitengo ngati munajambula. Za mnyamata uja muzitchule monga mmene munazimvera, popanda kuwonjezera mchere, ndipo dzina lake musalipereke iye asanavomere, chifukwa ntchito imene ingathe ndi yake.

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti kuli lamulo latsopano loteteza ogula, koma ndimakumbukiranso kuti khoti linanenapo kuti CFTC ilibe mphamvu yolipiritsa makampani. Choona ndi chiti? Nanga kampani ikalipira chindapusa, ife amene tinaberedwa timalandirapo kanthu? Mphunzitsi, Chilomoni.

YANKHO: Aphunzitsi, zonse ziwiri munamva bwino, kungoti zinachitika motsatizana. Lamulo loyamba la mpikisano ndi chilungamo pa malonda linakhazikitsidwa mu 1998, pa nthawi imene boma linkagulitsa makampani ake ndi kusiya kulamula mitengo ya katundu wambiri. Kwa zaka zingapo CFTC inkalipiritsa makampani podalira lamulo limenelo. Mu 2021 inalamula kampani ya Airtel Malawi kulipira K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, kampaniyo inakatsutsa chigamulocho ku High Court, ndipo mu 2023 khotilo linapeza kuti lamulo la 1998 silinapatse bungweli mphamvu yopereka lokha chindapusa. Zilango zimene zinali m'lamulolo zinali za milandu yaupandu, zoyenera kuperekedwa ndi khoti munthu atazengedwa mlandu n'kupezeka wolakwa.

Anthu ambiri anakwiya nacho chigamulo chimenecho, koma ine ndimaona kuti khoti linachita ntchito yake. Bungwe la boma lilibe mphamvu ina kupatula imene Nyumba ya Malamulo yalipatsa, ndipo mfundo imeneyi ndi yomwe imatetezanso inu ndi ine tsiku limene ofesi ina ingafune kutilanga popanda lamulo. Chofunika chinali kukonza lamulolo, ndipo aphungu anachitadi zimenezo. Competition and Fair Trading Act ya 2024 inayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, kulowa m'malo mwa ya 1998.

Kusintha kwakukulu n'koti tsopano CFTC ikhoza kupereka yokha chindapusa, chofika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pa malonda ake pa chaka, kapena 5 peresenti ya zimene munthu payekha amapeza pa chaka. Muone kuti chindapusacho chimawerengedwa pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu lokha, ndipo kwa kampani imene phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi malonda ake, chilango chotere chikhoza kumeza phindu la chaka chathunthu. Lamuloli lasinthanso za kuphatikizana kwa makampani. Kale kampani yogula inzake inkatha kusankha kudziwitsa bungweli kapena ayi, koma tsopano makampani amene kukula kwawo kwafika pa mlingo woikika ayenera kupempha chilolezo asanaphatikizane. Chinthu china chatsopano, chimene alimi ayenera kuchidziwa, ndi choti lamulo likuyang'ananso ogula amphamvu. Kampani yogula mbewu kapena sitolo yaikulu yooda katundu kwa amalonda ang'onoang'ono ikhoza kuimbidwa mlandu ikamagwiritsa ntchito mphamvu zake pofinya amene akuigulitsa.

Pa funso lanu lachiwiri, chindapusa ndi chilango, ndipo sichigawidwa kwa ogula. Chimene chingabwere m'thumba mwanu ndi china: lamulo latsopanoli limalola CFTC kulamula wamalonda kuti akubwezereni ndalama zanu, akusinthireni katundu wowonongeka, kapena athetse mgwirizano wopondereza. N'chifukwa chake polemba dandaulo muyenera kunena momveka chimene mukufuna, ndi kuchuluka kwa ndalama zimene munataya, osangoti kampaniyo ilangidwe. Amene wataya zambiri, monga wamalonda amene bizinesi yake yagwa chifukwa cha chiwembu cha opikisana naye, njira yake ndi kukasuma ku High Court kuti apatsidwe chipukuta misozi, ndipo njira imeneyi inalipo ngakhale m'lamulo la 1998. Kampani imene sinakhutire ndi chigamulo cha CFTC nayonso ili ndi ufulu wochita apilo ku High Court, kotero musadabwe mukamva kuti chindapusa chalengezedwa koma nkhani ikadali kukhoti.

FUNSO: Ndili ndi golosale yaing'ono. Shuga atasowa, kumene ndimaoda anandiuza kuti sandigulitsa belo la shuga pokhapokha nditagulanso katoni ya sopo ndi zakumwa zimene kwathu kuno siziyenda malonda. Pakhoma pawo analembanso kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Kodi zimenezi n'zololedwa? Mayi wa golosale, Ndirande.

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri ndi nkhani zoyenera kuzitengera ku CFTC. Kukakamiza munthu kugula katundu amene sakumufuna kuti apeze amene akumufuna ndi khalidwe limene lamulo limaletsa, ndipo limaipa kwambiri pamene katunduyo wasowa ndipo wogula alibe kwina kopita. Zimasiyana ndi wamalonda amene wanena kuti ogula shuga ndi sopo pamodzi awatsitsira mtengo, koma wofuna shuga yekha amugulitsabe, pakuti pamenepo mwasiyidwa ndi ufulu wosankha. Chikwangwani chija chilibe mphamvu yochotsa udindo wa wogulitsa pa katundu wowonongeka kapena wotha masiku, ngakhale chitalembedwa ndi zilembo zazikulu chotani. Chimene lamulo silikupatsani ndi ufulu wobweza katundu wabwinobwino chifukwa choti mwasintha maganizo.

Ulendo wina mukakaoda, pemphani lisiti losonyeza zonse zimene mwagula tsikulo, ndipo mulembe m'kope lanu tsiku, nthawi ndi mawu amene wogulitsayo ananena. Ngati amayi anzanu a magolosale anauzidwa zomwezo, dandaulo la anthu angapo otchula masiku osiyanasiyana limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi.

FUNSO: Ndalandira chisamani chochokera ku High Court. Kampani imene ndinkatengako katundu pa ngongole ikuti ndili ndi ngongole yaikulu, koma ina ndinalipira kale ndipo ina ndi yakalekale. Papita masiku khumi chilandirireni. Mnzanga akuti ndingokhala chete mpaka adzandiitane tsiku la mlandu, chifukwa milandu ya kukhoti imatenga zaka. Kodi akunena zoona? Wamalonda, Chirimba.

YANKHO: Bambo, malangizo a mnzanuwo ndi amene alanditsa anthu ambiri katundu, ndipo ndikupemphani kuti mukangowerenga yankho ili mupite kwa loya kapena ku ofesi ya khoti imene yatchulidwa pa chisamanicho. Milandu ya mtundu umenewu imayendera malamulo otchedwa Courts (High Court) (Civil Procedure) Rules, amene anayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2017 m'malo mwa malamulo akale amene tinkabwereka ku England. Malinga ndi malamulowa, munthu amene walandira chisamani ali ndi masiku 14 oti apereke kukhoti pepala losonyeza kuti akutsutsa mlanduwo, ndipo chikalata chofotokoza mbali yake chiyenera kuperekedwa pasanathe masiku 28 kuchokera tsiku limene analandira chisamanicho. Masikuwa akadutsa muli chete, wodandaula amapempha khoti kuti ligamule mokomera iye popanda kukumvani, ndipo palibe amene adzakuitaneni. Ambiri amadziwa kuti mlandu unatha pamene asherifu aima pakhomo ndi lole, akulemba firiji, mashelefu ndi katundu wa m'sitolo. Chigamulo chotere chikhoza kuchotsedwa, koma muyenera kufotokozera jaji chifukwa chomveka chimene munachedwera ndi kusonyeza kuti muli ndi yankho lenileni pa mlanduwo, ndipo zonsezo zimadya ndalama zimene mukanazisunga.

Mukayang'ana bwino mapepala amene mwalandira, mupeza kuti pamodzi ndi chisamanicho pali chikalata chofotokoza dandaulo ndime ndi ndime, komanso mndandanda wa zikalata zimene kampaniyo ikudalira. Umu ndi mmene malamulo a 2017 amafunira, kuti mbali iliyonse ionetse zimene ili nazo kumayambiriro, osabisa lisiti m'thumba kuti idzadzidzimutse nalo inzake tsiku la mlandu. Inunso muyankhe ndime iliyonse: iyi ndikuvomera, iyi ndikukana, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kungolemba kuti mukukana zonse sikuthandiza. Sonkhanitsani malisiti, mapepala a ku banki ndi mauthenga a pa foni otsimikiza ndalama zimene munatumiza, ndipo muziike motsatira masiku.

Za ngongole yakaleyo, makolo anati mlandu suola, koma kukhoti mwambi umenewu uli ndi malire. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zoti munthu asumire mnzake pa nkhani ya mgwirizano monga ngongole, kuwerengera kuyambira pamene ngongoleyo inayenera kulipidwa, ndipo pa nkhani ya kuvulala m'thupi zaka zake ndi 3 zokha. Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, khoti silidzakunenerani mfundo imeneyi, muyenera kuilemba nokha m'yankho lanu. Chachiwiri, ngati pakatipa munalipirako pang'ono pa ngongole yomweyo, kapena munalemba kalata n'kusainira kuti mukuivomera, zakazo zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Musabise zimenezi kwa loya wanu, chifukwa kampaniyo ili nazo m'mabuku ake.

Mnzanu sanalakwitse kwenikweni ponena kuti milandu imachedwa, pakuti majaji ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ili m'mafayilo a High Court ku Chichiri. Koma malamulo atsopanowa anachotsa chiwongolero m'manja mwa maloya n'kuchipereka kwa jaji, amene tsopano amaika masiku a sitepe iliyonse, ndipo khoti likhoza kufufuta mlandu umene wakhala miyezi 12 popanda chochitika. Mbali zonse zikapereka zikalata zawo, milandu yambiri imayamba yapita ku zokambirana, kumene jaji amakhala mkhalapakati. Zimene zanenedwa m'chipindamo ndi zachinsinsi ndipo sizigwiritsidwa ntchito pa mlandu, ndipo mukalephera kumvana, mlanduwo umakamvedwa ndi jaji wina. Kwa munthu ngati inu, amene mukuvomera gawo lina la ngongole n'kukana lina, mpata wabwino ndi umenewu, chifukwa mukhoza kugwirizana ndalama yeniyeni ndi kalipiridwe ka pang'onopang'ono chiwongoladzanja ndi ndalama za maloya zisanachuluke. Ngati simungakwanitse kulipira loya, kafunseni ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya mu Blantyre momwemo, kumene amayamba aona kapezedwe kanu asanavomere kukuimirani.

FUNSO: Ndimawerenga kuti ku America boma linapambana mlandu wotsutsana ndi Google, ndipo kumeneko anthu mamiliyoni amatha kusumira kampani pa mlandu umodzi. N'chifukwa chiyani kuno sitimva zotere, chonsecho tonse timadandaula zinthu zofanana? Wophunzira, Chitawira.

YANKHO: Mlandu umene mukunenawo unagamulidwa mu Ogasiti 2024 ndi jaji Amit Mehta wa ku Washington, amene anapeza kuti Google inaphwanya lamulo la Sherman Act la 1890 poteteza ufumu wake pa ntchito yofufuzira zinthu pa intaneti. Kukula kwa kampaniyo sikunali mlandu. Mlandu unali pa mapangano amene inkalipira makampani monga Apple ndi Samsung kuti Google ikhale yoikidwiratu m'mafoni ndi m'mabulawuza (mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti), ndipo m'chaka cha 2021 chokha inalipira madola 26.3 biliyoni pa mapangano otere. Boma linapempha kuti kampaniyo ikakamizidwe kugulitsa bulawuza yake ya Chrome, koma mu Sepitembala 2025 jaji yemweyo anakana, n'kungoletsa mapangano otsekera ena kunja ndi kulamula kuti Google igawireko opikisana nayo zina mwa zimene imasonkhanitsa. Mlanduwu unayamba mu 2020, kutanthauza kuti ngakhale boma lolemera chotero linatenga zaka zisanu kuti lifike pamenepa, apilo isanamvedwe. Ku Ulaya zinatenga nthawi yoposa pamenepo: chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chimene Google inapatsidwa mu 2017, chifukwa chokondera ntchito yake yoyerekeza mitengo ya katundu, chinatsimikizidwa komaliza mu Sepitembala 2024.

Milandu ya anthu ambirimbiri imachuluka ku America chifukwa cha mmene malamulo a kayendetsedwe ka milandu anapangidwira, osati chifukwa choti anthu akumeneko ndi olimba mtima kuposa ife. Lamulo la Clayton Act la 1914 limapatsa wopambana mlandu wa mpikisano katatu ka ndalama zimene anataya. Maloya amaloledwa kutenga mlandu popanda kulipidwa kaye, n'kudzadula gawo lawo akapambana. Munthu mmodzi akhoza kuimira gulu lonse khoti likavomereza, ndipo aliyense wa m'gululo amawerengedwa pokhapokha atanena yekha kuti atulukemo. Komanso wogonja kawirikawiri salipira maloya a mnzake. Ngakhale zili choncho, mpata si wa aliyense: kuyambira pa mlandu wa Illinois Brick mu 1977, amene amaloledwa kufuna chipukuta misozi pansi pa lamulo la boma lalikulu ndi amene anagula mwachindunji kwa wolakwayo, ndipo zinatengera chigamulo cha 2019 pa mlandu wa Apple ndi Pepper kuti ogula maapu pa iPhone aloledwe kusumira Apple.

Zotsatira zake sizikhala zazikulu nthawi zonse monga mmene mitu ya nkhani imamvekera. Ku Britain, Walter Merricks anasumira kampani ya makhadi olipirira ya Mastercard mu 2016 m'malo mwa anthu pafupifupi 46 miliyoni, akufuna mapaundi 14 biliyoni. Nkhondo yoyamba, yongofuna kuti mlanduwo uloledwe kuyenda ngati wa gulu, inafika ku bwalo lalikulu la dzikolo mu Disembala 2020, ndipo pamapeto pake mbali ziwirizo zinagwirizana mapaundi 200 miliyoni okha. Pafupi ndi kwathu, nkhani ya buledi ija ndi imene inatsegula njira ku South Africa, pamene bwalo la apilo mu 2012 linaika mfundo zoyenera kutsatidwa gulu lisanaloledwe kusuma pamodzi.

Kuno malamulo amalola munthu mmodzi kapena angapo kuimira anzawo amene dandaulo lawo ndi limodzi, ndipo ogwira ntchito ochotsedwa pamodzi kapena anthu a mudzi umodzi akhala akusuma motero. Chimene chikusowa ndi chokopa. Chipukuta misozi chimangobwezera zimene munthu wataya, ndipo wogonja kawirikawiri amalamulidwa kulipira ndalama zimene wopambana wawononga pa mlandu, choncho munthu amene waberedwa ndalama yochepa pa thumba lililonse la simenti sangaike nyumba yake pachiswe pofuna kulimbana ndi kampani. Maganizo anga ndi oti pa madandaulo ang'onoang'ono okhudza anthu ambiri, njira yothandiza pakadali pano ndi CFTC, mothandizana ndi mabungwe monga Consumers Association of Malawi, amene amatha kusonkhanitsa madandaulo n'kuwapereka pamodzi. Ngati khalidwe lodandaulidwalo likukhudza mayiko angapo a m'chigawo chino, palinso bungwe la COMESA loona za mpikisano, limene linayamba ntchito mu 2013 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe.

Gulu limene lasankhabe kupita kukhoti likonzekere zinthu zingapo lisanakumane ndi loya: mndandanda wa mayina a onse okhudzidwa, umboni wa zimene aliyense anagula ndi ndalama imene anataya, chilolezo cholembedwa chopatsa mphamvu amene aziimira anzawo, ndi pangano lomveka la mmene adzagawanire ndalama za maloya a mbali inayo ngati mlandu utawavuta. Mfundo yomalizayi ikambidwe pa msonkhano woyamba ndipo aliyense asainire.